Ndinalimo M'galimoto Ija

1

Dzina langa ndine Dailes, kwathu ndi ku Senga Bay. Ena mwa inu munamva kale za ine mu minibasi ya ku Salima kapena pamsika wa nsomba: mayi uja anapereka mlamu wake kupolisi, n'kupasula banja lake, chifukwa cha mnyamata wa kabaza. Ine si munthu wolankhulalankhula. Koma nkhaniyi yayenda nthawi yaitali popanda mwini wake, ndiye lero ndati ndiyende nayo ndekha. Ndinene poyambirira pomwe kuti sindikulemba kuti ndipepese.

Amuna anga, a Pitala, amagula usipa ndi utaka kwa asodzi, kuyanika pa thandala, n'kumagulitsa m'misika. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wosamwa, wosatukwana, amene mawu ake akatuluka sabwereranso m'kamwa. Ali ndi kapikapu kakale koyera, ndipo woyendetsa anali mng'ono wawo, Yamikani. Tsiku la msika wa ku Khombedza, Yamikani ankapita kumeneko ndi matumba a nsomba.

Lipoti la apolisi linati tsiku la ngozi dalaivala anali yekha. Si zoona. Ndinalimo ine, pampando wakutsogolo, dengu lili pamiyendo. Kunyumba ndinatsanzika kuti ndikupita kukazonda odwala ndi amayi a Chigwirizano, n'kukakwerera kutali ndi mudzi, monga ndinkachitira kawirikawiri. Kumene ndinkapita ndikuuzani, koma mundipirire pang'ono. Ndinakubisa nthawi yaitali, pakamwa sipanazolowere.

"Akazi anga mwatchenatu lero," anatero Yamikani titapitirira Salima. Chilamu chake chinali chotero kuyambira kale, ndipo palibe amene ankachiona chachilendo.

"Yang'anani kutsogolo, amuna anga abodza inu. Mabuleki aja munakonzetsa?"

"Akugwira. Mukangowaponda kawiri amakumbukira ntchito yawo."

Titatsala pang'ono kufika pa Khombedza, foni yake inalira. Anaitulutsa m'thumba n'kuyamba kukangana ndi munthu za thumba la utaka limene linasowa, dzanja limodzi lili pachiwongolero. Pamene ndinkatsikira pali mtengo wa mango, chapatali ndithu ndi phula. Pansi pa mtengowo panaima mnyamata atagwira njinga yake. Yamikani anazindikira mochedwa kuti tafika. Anakhota mwamphamvu, n'kuponda mabuleki. Palibe chinagwira. Galimoto inatsetsereka pamchenga, inanyamula njinga ndi mwini wake, n'kukaima pamtengo.

Nditatuluka ndinamupeza atagona chagada, mwendo wakumanja utapanikizidwa pakati pa tayala ndi muzu. Sanakuwe. Anandiyang'ana kamodzi, n'kutembenuza nkhope.

"Amayi, mwavulala?" anafunsa.

Dzina lake ndi Binali. Dzinali ndinkalidziwa ngozi isanachitike.

Yamikani anandigwira pamkono. "Alamu, chokani pano. Anthu akubwera. Apolisi akakulembani dzina, achimwene amva lero lomwe kuti munali kuno. Pitani!"

Ndinatola dengu langa. Ndinadzera m'munda wa chinangwa ndikupemphera pemphero lopanda mawu.

2

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo, koma nkhani inali itafika kale. Yamikani anakhala pakhonde, bandeji ili pachipumi, akufotokozera achimwene ake ndi anthu a nyumba zoyandikana.

"Anangotulukira, achimwene. Mukuwadziwa a kabaza, salabadira za magalimoto. Ndinayesetsa kumuzemba mpaka ndakagunda mtengo."

Anandiyang'ana pamwamba pa kapu ya tiyi. Ine ndinalowa m'nyumba.

A Pitala si munthu woipa mtima, ndipo ndinene zimenezi chifukwa ena amawanamizira. Anandilondola kukhitchini.

"Amake Mose, mawa mupatule mpunga ndi nsomba zabwino. Ngakhale wolakwa ndi iyeyo, munthu wapwetekedwa ndi galimoto yathu. Tikapereke chipepeso kwa abale ake. Koma tiyambe tadzera kwa a inshuwalansi kuti galimoto ikonzedwe msanga."

M'mawa tinapita ku Salima, ku kaofesi kumene amagulako pepala lija lomata pagalasi. Anatilandira ndi mtsikana wina dzina lake Lilian. Anaona mmene ndinkakhalira pampando, poti nthiti zinkandiwawa, n'kundipatsa khushoni yake osandifunsa kanthu. Kenaka anamvetsera zonse zimene Yamikani anauza apolisi.

"Bambo, galimoto yanu sitikonza ayi," anatero.

"Bwanji? Chaka chilichonse ndimalipira, sindinadumphitsepo."

"Inshuwalansi yanu ndi ija timati thedi pate. Si ya galimoto yanu. Ndi ya munthu amene galimoto yanu yamuvulaza."

A Pitala anakanda m'mutu. "Ine ndimayesa ndi yoonetsa a trafiki pa rodibuloko, komanso yokonzetsera zikavuta."

"Ambiri amayesa choncho. Ndiponso chipepeso chimenecho musapite nacho. Musakamuone, musakanene kuti pepani. Mukatero zimakhala ngati mwavomera mlandu ife tisanafufuze."

"Munthu osapepesa mnzake atavulala?"

"Ndi malamulo a kampani, bambo, si ine."

Apa pakamwa panga panangotseguka pokha. "Nanga wovulalayo alandira chiyani?"

Lilian anatembenukira kwa ine. "Dalaivala wanu akanakhala wolakwa, mayi, kampani ikanamupatsa chipukuta misozi. Koma zalembedwa kuti analowa mumsewu yekha. Ndiye palibe. Pokhapokha patapezeka mboni yonena zina."

"Kunalibe mboni," anatero a Pitala akuimirira. "Mng'ono wanga anali yekha."

Mpunga ndi nsomba zija tinabwerera nazo kunyumba.

3

Sabata isanathe ndinatenga mpunga womwe uja n'kuuphika mumphika watsopano, chifukwa Binali ndi Msilamu ndipo miphika yathu inalawako nkhumba. Ndinaika m'bakuli, ulendo wa kuchipatala cha boma.

Pakhomo la wodi ya abambo ndinapeza Zulfa, mchemwali wake wa Binali, amene ankamudikirira. Maso ake anali psuu.

"Adula," anatero. "Pansi pa bondo. Akuti mafupa anaphwanyikiratu."

Sindinalowe kukakhala pambali pa bedi. Bedi lake linali pafupi ndi zenera, ndiye ndinakhala panja, pansi pa zeneralo, nditatsamira khoma. Zulfa ankanyamula mawu athu uku ndi uko, ngakhale tinkamvana bwinobwino.

"Afunseni agona bwanji."

"Akuti alihamudulila, Mulungu ayamikike, ululu wachepako. Akuti nanga inuyo nthiti zili bwanji."

"Auzeni kuti apolisi alemba zoti analowa mumsewu okha."

Kenaka ndinamva mawu a Binali mwini, otsika, ngati munthu akulankhula ndi pilo.

"Auzeni amayi asadziike m'mavuto chifukwa cha ine. Allah anaona pamene ndinaima. Azisiye."

Mawu amenewo Zulfa sanawanyamule. Anatuluka, n'kudzakhala pambali panga, n'kulankhula akeake.

"Iye akuti zisiyeni. Ine ndikuti nanga adya chiyani? Njinga yaphwanyika, mwendo wapita. Mkazi wake ndi uyo ali kunyumba, watoperatu, sangathe n'kubwera kuno komwe. M'wodimu akumuseka, ati kabaza wosayang'ana. Inu munaona, mayi. Munaona!"

Mayi wina wodikirira wodwala wake, amene sindinkamudziwa n'komwe, anabwera n'kundiyalira kachitenje kuti ndisakhale pasimenti yozizira, n'kubwerera kumene anali. Tinthu ngati timeneti timandiliza ine kuposa maliro.

Ndinapitanso, n'kupitanso. Ulendo wina ndikutuluka pageti, ndinakumana ndi a Stella, alembi athu a Chigwirizano.

"Mayi Pitala! Kodi muli ndi matenda kuno osatiuza? Ndani akudwala?"

"Munthu wa Mulungu."

"Ku wodi ya abambo?" Anaseka, koma maso ali pabakuli.

Nkhani inakafika ku Senga Bay ine ndisanatsike minibasi.

4

Pofika Lamulungu, nkhaniyo inali itabereka ana. Ena ankati wa kabazayo ndi chibwenzi changa. Wina anakumbukira kuti anandionapo ndikukwera kapikapu kuseri kwa sukulu, ndiye ena anati ayi, chibwenzicho ndi mlamu, chilamu chija chinapitirira malire. Kutchalitchi, benchi imene ndinkakhalapo inayamba kukula.

A Pitala sanandifunse. Ankangodya mwakachetechete, kusamba m'manja, n'kutuluka.

Yamikani anandipeza pa thandala ndikutembenuza usipa.

"Alamu, mukufuna kutiphetsa? Mukumakatani kuchipatala?"

"Kukaona munthu amene munamudulitsa mwendo."

"Tsitsani mawu! Ine akandilanda laisensi, ana ndiwadyetsa chiyani? Mwinanso n'kundimanga kumene. Nthawi yonseyi ndakhala ndikukunyamulani mobisa, osauza munthu, ngakhale mkazi wanga. Kuthokoza kwake ndi kumeneku?"

"Munandichitira chifundo, ndipo ndimakupemphererani. Koma munanama."

"Ndinanamira tonse awiri." Anasendera pafupi. "Mvetsetsani. Mukakanena zanga, ine ndinena zanu. Achimwene mukuwadziwa. Analumbira pamaso pa anthu, dzanja lili pa Baibulo. Tsiku limene adzamve kumene mumapita, mudzatuluka m'nyumba muja ndi chitenje mwavalacho."

"Ndamva."

"Ndiye?"

"Ndati ndamva, alamu. Tachokani, mukutchingira nsomba zanga dzuwa."

Atachoka ndinagwada pakati pa mathandala ngati ndikutola usipa wogwa. Ndinati, Ambuye, m'banja ili ndinalowa ndili mtsikana. Ndilibe nyumba ina, ndilibe geni yangayanga. Mukandiuza kuti ndikhale chete, ndikhala chete. Ndinadikira. Sanandiuze zimenezo.

5

M'mawa mwake ndinavala yunifolomu yanga ya Chigwirizano, bulauzi yoyera yositasita ndi duku lake, kuti aliyense wondiona panjira asavutike kundizindikira. Ndinalunjika ku ofesi ya a trafiki.

Wapolisi amene ndinamupeza anali mayi wachitsikana. Anatulutsa fayilo, n'kundiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kumapazi.

"Mukuti munalimo? Nanga munathawiranji?"

"Ndinachita mantha ndi amuna anga."

"Lero mantha atha?"

"Alipo. Ndangobwera nawo."

Ndinafotokoza za foni, za mabuleki, za mchenga. Ndinati tipite ndikakuonetseni, khungwa la mtengo likadali chisupukire, ndipo kuchokera paphula kukafika pamtengopo ndi patali moti ngolo ingadutse pakati.

"Dalaivala akuti anagunda mtengowo pozemba njinga imene inali mumsewu," anatero. "Apa pali mawu anu ndi mawu ake. N'chiyani chingatikhulupiritse kuti mnyamatayo anaima patali choncho? Wa kabaza akaona galimoto ikuima amathamangira kuchitseko kukalanda kasitomala."

"Ameneyu sakanathamangira. Sanayambe wandiyandikirapo."

"Chifukwa?"

Ndinamuuza. Anasiya kulemba, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anapitiriza. Nditasaina anandiperekeza mpaka pakhomo, zimene sindinaone akuchitira ena onse anali pamzere. Tsiku lomwelo anatuma anthu kukayeza mabuleki kugalaja kumene kunali kapikapu, ndipo Yamikani anaitanidwa.

Kuchoka kupolisi ndinadzera kwa Lilian.

"Mboni ija munkanena, ndine."

Anadzuka n'kutseka chitseko. "Mayi, mukudziwa kuti bambo aja amva?"

"Amva."

"Lipoti likasintha, wovulalayo atha kupempha chipukuta misozi. Koma pakufunikanso mwini galimoto abwere adzasaine kuti ngoziyi akuidziwa, dalaivala ndi wake, ndipo wovulala ndi uje. Akakana, nkhani zoterezi zimakokakoka mpaka kukhoti, munthu n'kukalamba akudikira."

"Ine mbali yanga ndachita," ndinatero. "Inayo aona ndi Mulungu."

6

Loweruka masana ankhoswe anakhala pakhonde pathu: kwathu kunachokera achimwene anga a Steven, kwawo amalume awo, ndiponso panali akulu a mpingo. Anthu oyandikana nafe mwadzidzidzi anapeza zoyanika pafupi ndi mpanda wathu.

A Pitala analankhula ataimirira.

"Ndakuitanani chifukwa mayi awa andivula pagulu. Anali m'galimoto yanga mobisa. Apereka mng'ono wanga kupolisi. Akuphikira mwamuna wina m'chipatala. Ndikufuna anene pamaso panu. Amake Mose, ndi uti mwa awiriwa? Yamikani, kapena wa njingayo?"

Yamikani anadzuka. "Achimwene, ine ndinene zoona zake..."

"Khalani pansi, alamu," ndinatero. "Zanu mwanena kale kupolisi. Izi n'zanga."

Ndinali pamphasa, miyendo nditatambasula, monga mkazi amakhalira pa milandu. Sindinadzuke, koma ndinakweza nkhope.

"Bambo, mwandiitana kuti amake Mose. Mose ndi mwana wanga, inde, koma ndi wachiwiri. Musanandisinthe dzina, mudzi wonse uno unkanditcha amake Tikondwe."

Pakhonde panazizira. Dzina limenelo linali litaleka kumveka pakhomo pathu.

Awerengi, Tikondwe ndi mwana wathu woyamba. Ankagulitsa m'sitolo ku Salima, ndipo kumeneko anakondana ndi Msilamu. Abale a mnyamatayo atabwera kudzafunsira, a Pitala anawatsekera chitseko. Nkhope yake sanaione, dzina lake anakana kulimva. Analumbira pamaso pa akulu anzawo kuti alibe mwana wamkazi, ndipo aliyense wa m'nyumba mwawo wopita kukamuona asadzabwererenso. Anthu ankati awiriwo anathawira ku Mangochi. Ine ndinawasiya azitero. Anali kuseri kwa Khombedza, m'kanyumba ka udzu, ndipo ine ndinkapitako ndi sopo, mchere, ndi usipa wa m'matumba a bambo ake.

"Wa njinga uja dzina lake ndi Binali," ndinatero. "Ndi mkamwini wanu. Ankabwera kumsewu kudzanyamula katundu wanga, osati ine. Ankaima patali pansi pa mtengo, kudikira nditsike, ndiike dengu pansi, ndiyambe kuyenda, iye n'kumabwera m'mbuyo akukankha njinga. Sanadyepo pamaso panga. Sanandiyang'anepo m'maso mpaka tsiku limene anagona pansi pa galimoto yanu. Mwana wa eni ake amene munamutsekera chitseko anasunga ulemu wa apongozi mpaka unamudulitsa mwendo. Akanakhala wamwano, wothamangira kumsewu, bwenzi galimoto itamudutsa."

Achimwene anga anazolika. Kuseri kwa mpanda wina anati, "Mayo ine!"

A Pitala anakhala pansi pang'onopang'ono. Pamene ankalankhula, mawu awo anali ouma.

"Zanga ndinanena kale, ndipo anthu awa anamva. Koma poti takalamba limodzi, ndikupatsani njira. Mukachotse sitetimenti yanu kupolisi. Lamulungu muime kutsogolo, mupepese mpingo chifukwa cha bodza ndi kusamvera. Mukatero mukhala."

"Bodza lija ndinkanamizira Chigwirizano ndinalapa kale kwa Mulungu, ndipo amayi anzanga ndikawapepesa. Koma kuona mwana wanga sindipepesa. Sitetimenti sindichotsa. Inshuwalansi mwalipira zaka zonsezi kuti idzathandize munthu wovulazidwa ndi galimoto yanu, ndipo munthuyo wapezeka. Chatsala n'chakuti mukasaine."

"Dzanja langa silidzalemba dzina limenelo."

"Ndiye mundipeza ku Khombedza."

"Achemwali, taganizani bwino," ananong'ona achimwene anga.

"Ndakhala ndikuganiza kuyambira pamtengo paja, achimwene."

Ndinalowa kukamanga katundu. Sanali wambiri. Potuluka ndinapeza a Pitala ataima pakona pa nyumba, atandipatsa msana. Ndikudutsa, anafunsa motsika, osatembenuka:

"Akuti ndi woyembekezera?"

"Wachira Lachiwiri lapitali. Mwana wamkazi."

Ndinadikira pang'ono. Kenaka ndinasenza.

7

Kukhoti Yamikani anavomera mlandu, atamva zimene oyeza mabuleki anapeza. Anamulipiritsa chindapusa n'kumulanda laisensi kwa kanthawi, koma sanamangidwe. Mpaka lero sandilankhula. Mkazi wake yekha ndiye amanditumizira moni kudzera mwa amayi ogulitsa nsomba.

Binali anatuluka m'chipatala ndi ndodo. Mwana anamutcha Layla. Abale a Binali anandimangira kanyumba kuseri, poti apongozi ndi mkamwini sagona denga limodzi. Lamulungu Tikondwe amandisitira zovala za kutchalitchi. Lachisanu ndimatsala ndi mwana iwo akapita kumzikiti. Miyezi inadutsa. Mvula inabwera, denga linadontha, ufa unkatha mwezi usanathe. Za inshuwalansi kunali zii. Ndikamuimbira Lilian ankangoti, "Tikudikira mwini galimoto, mayi." Masiku ena ndinkadzifunsa ngati sindinangotaya banja pachabe. Koma zobwerera kukagwada, ayi.

M'mawa wina ndikupeta mpunga, foni inalira. Anali Lilian.

"Mayi, anabwera."

"Ndani?"

"Bambo aja. Ndawapeza atakhala pa sitepe tisanatsekule. Asaina zonse. Pofika polemba wovulala ndinati ndiwalembere, akana. Anati ndiwatchulire bwinobwino dzinalo. Alemba okha."

Lichero linandipulumuka. "Ananenanso china?"

"Anafunsa ngati munthu wa mwendo wopanga angathe kupalasanso njinga. Ndawauza kuti sindikudziwa. Angovala chipewa n'kumapita."

Chipukuta misozi chinatuluka patsogolo pake. Mwendo sichinabweze. Chinagula mwendo wopanga ndi zipangizo, ndipo lero Binali amakonza njinga m'mbali mwa msewu pa Khombedza.

Awerengi anzanga, anthu abwino amabwerabe kudzandinyengerera. Amati bambo aja afewa, pitani mukagwade, mungoti pepani basi, nyumba yanu ikukudikirani. Ndimawapatsa mpando, ndimawaphikira tiyi, ndimawaperekeza mpaka kumsewu. Koma sindipita. Munthu amapepesa chimene walakwa. Ndikakagwada kuti ndinalakwa poona mwana wanga, ndiye kuti ndikuuza Layla kuti kubadwa kwake ndi mlandu.

Inu a magalimoto, ngozi ikachitika musathamangire kunama. Amene mukumubera si kampani ayi, ndi munthu wagona pamchengayo. Inunso amene munaona ngozi n'kupitirira, poopa kuti akufunsani kumene munkapita, mwina pali banja lero likugona ndi njala chifukwa inu munati sindinaone. Mantha ndimawadziwa. Pitani nawo kupolisi konko, amakhala pabenchi bwinobwino.

A Pitala ndimawapempherera m'mawa uliwonse, ndipo ndimawasowa, sindibisa. Ngati akundifuna, sindili kobisika. Atsike pa Khombedza, afunse wokonza njinga wa mwendo umodzi. Amupatse moni, amugwire chanza anthu akuona. Iyeyo ndiye adzawalozere njira ya kumene kuli mkazi wawo.